Kodi tiime panjira kuona malo popita ku msonkhano wa mpingo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amatsogolera kwaya ya mpingo wawo. Mwezi wamawa akupita ku msonkhano wa chigawo pa basi ya hayala, ulendo wa tsiku lathunthu. Panjira pali mathithi otchuka komanso tchalitchi chakale chimene ambiri amangochimvera mbiri. Achinyamata akufuna kuima kuti akaone, pomwe akuluakulu ena akuti ulendo wa Mulungu sausakaniza ndi zokayenda. Mayiwa afunsa kuti: "Ndimvere ati?"

Mayi, kaoneni malowo, koma mukawaone pobwerera.

Ndiyambe ndi nkhawa ya akuluakulu, chifukwa siyopanda pake, ngakhale sindigwirizana nawo kuti kuona malo kumadetsa ulendo. Paulo ali ku Atene kudikira Sila ndi Timoteo, sanadzitsekere m'nyumba. Anayendayenda mumzindamo, akuyang'anitsitsa zimene anthu ankapembedza, mpaka anapeza guwa loperekedwa kwa mulungu wosadziwika. Ulaliki wake wa pa Machitidwe 17 unayambira pa guwa limenelo, chinthu chimene anachiona ndi maso ake poyenda. Ndipo pamene iye ndi Barnaba anatumidwa kuchoka ku Antiokeya kupita ku msonkhano wa ku Yerusalemu, pa Machitidwe 15, anadzera ku Foinike ndi ku Samariya, akucheza ndi abale ndi kuwasimbira za kutembenuka kwa anthu a mitundu ina. Njira yopita ku msonkhano nayo inali ndi ntchito yake.

Koma Paulo yemweyo, pa Machitidwe 20, analambalala Efeso dala, mzinda umene anatumikiramo pafupifupi zaka zitatu, poti ankafulumira kuti tsiku la Pentekoste limupeze ku Yerusalemu. Anachita kuitanitsa akulu a mpingowo kuti akakumane naye ku Mileto. Pamenepa ndi pamene akuluakulu anu akulondola. Tsiku lotsegulira msonkhano silisuntha, ndipo kwaya yofika mochedwa imapeza malo ogona atagawidwa kale, kalembera atatsekedwa, mwina dzina lake litaitanidwa pa pulogalamu popanda woyankha.

Ndinazionapo ndekha. Chaka china gulu lathu linagwirizana kuima mphindi 30 zokha pamalo ena okongola. Mphindi 30 za anthu odzaza basi si za pa wotchi ayi. Wina akufuna chithunzi, wina watsikira kumunsi, agogo akufuna chimbudzi, wina wapita kukaitana amene anatsikira kumunsi uja, naye osabwerako. Tinachoka patatha maola awiri. Kenaka tayala linaphulika, ndipo tinalowa pamalo a msonkhano usiku, pemphero lotsegulira litatha. Mawa lake theka la kwaya linkasinza nthawi ya ulaliki. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa amayi ena anasunga ndalama miyezi yambiri kuti akamve uthenga umenewo.

Pobwerera zinthu zimasintha. Palibe belu limene likukudikirani, ndipo anthu amene apemphera limodzi masiku angapo amafika pa mathithi mitima ili yodzaza kale. Nyimbo imangoyamba yokha. Vuto la pobwerera ndi ndalama ndi kutopa, choncho zikonzeni musananyamuke. Funsani ngati pamalopo pali cholipira polowa komanso nthawi imene amatseka. Paja safunsa anadya phula. Ndalamayo isonkhedwe payokha, isungidwe ndi msungichuma mu envulopu yake, ndipo isachoke m'thumba la mpingo. Mkangano wambiri umene ndauona pa maulendo otere umachokera pa ndalama ya zopereka imene yalipirira zosangalatsa, osati pa chiphunzitso. Amene sangakwanitse musawasiye m'basi akuyang'ana pawindo. Gulu liwasonkhere mwakachetechete.

Mwa malo awiriwo, sankhani amodzi kukhala aakulu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndikanakhala ine, ndikanapereka nthawi yokwanira ku mathithi, ndipo ku tchalitchi chakalecho ndikanaimbira foni abusa ake pasadakhale kuti tidzangolowa, tiimbe nyimbo imodzi, tipemphere ndi kumva mbiri yake mwachidule. Ndikukhulupirira kuti akuluakulu okana aja ndiwo adzakhale omaliza kutuluka m'menemo.

Dalaivala muuzeni zonsezi pochita hayala, osati muli pamsewu. Kupatuka kumadya mafuta, ndipo iye ndi munthu amene amatopa. Werengerani nthawi kuti mukafike kwanu kusanade. Malo okongola sangalipire moyo wa anthu oyendetsedwa usiku ndi munthu wa tulo. Okalamba ndi odwala akhale ndi mankhwala awo m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu womangidwa pamwamba. Pa mathithi miyala imaterera, ndiye ana asayandikire madzi opanda wamkulu.

Chinanso chimene anthu amachipeputsa ndi kuwerenga anthu. Yosefe ndi Mariya anayenda tsiku lonse pochokera ku Paska akuyesa kuti Yesu, wa zaka 12, ali m'gulu la abale, ndipo anadzamupeza patapita masiku atatu. Aliyense ankaganiza kuti mwana ali ndi wina. Lembani maina onse papepala, mupatse munthu mmodzi ntchito yoitana dzina lililonse basi isanadzuke, paliponse pamene mwaima.

Nkhaniyi muitengere kwa abusa ndi akulu a mpingo sabata ino, ikakambidwe pamaso pa achinyamata ndi akuluakulu omwe. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna ndidzamve nyimbo imene munaimba pa mathithipo.