Matayala a mainchesi 35 pa Hilux yakale: kodi axle ipirira?

Funso: Ndili ndi Hilux LN106 ya injini ya 3L, ija ya axle yathunthu kutsogolo. Nthawi ya dzinja ndimakasiya feteleza kumidzi ndipo difu, chibokosi cha magiya chija chili pa axle, imagunda pansi m'misewu yokumbika. Pano ili ndi matayala a mainchesi 31, ndikufuna a 35. Wowotcherera wina wandiuza kuti akangomata chitsulo pamwamba pa axle, basi zatheka. Kodi n'zoona?

Yankho: Bambo, chitsulocho chili ndi ntchito yake, koma si pamene galimoto yanu idzayambire kuthyoka. Chitsulo chomata pamwamba, chomwe amati truss, chimateteza chigoba cha axle kuti chisapindike mukagwera m'dzenje ndi katundu. Za m'kati sichizidziwa n'komwe.

Tayala lili ngati sipanala: likatalika, limapotokola shafti mwamphamvu. Kuchoka pa 31 kufika pa 35 ndiye kuti mwatalikitsa chogwiriracho ndi 13 peresenti, kuwonjezera apo tayalalo n'lolemera ndipo limaluma nthaka kwambiri. Pa Hilux ya mtundu wanuwu, choyamba kugonja ndi Birfield, joini ija ili m'kati mwa mpira wachitsulo kuseri kwa tayala lakutsogolo. Imasweka kawirikawiri chiwongolero chitakhoteratu, muli mu giya yotsika ya 4x4, makamaka pobwerera m'mbuyo, kapena tayala likamazungulira m'malere kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi. Mumangomva kuti phwa! Zidutswa zake nthawi zina zimakanirira mumpiramo, chiwongolero n'kukana kukhota. Izi n'zimene zimandidetsa nkhawa ine, chifukwa zimachitika muli kutali ndi galaja. Mankhwala ake ndi ma Birfield ndi mashafti achitsulo cha chromoly 4340, a mano 30 m'malo mwa 27 a kufakitale. Ngati mukuganiza zoikanso locker kutsogolo, chipangizo chokhoma difu kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi, musayerekeze musanasinthe zimenezi.

Pomwe mwatsegulapo, sinthiranitu maberingi a knuckle (chigoba chokuta mpira uja, chimene chimakhota ndi tayala), maberingi a tayala ndi masilo, muike girizi watsopano. Mabawuti anayi omanga mkono wa chiwongolero pa knuckle amakonda kumasuka ndi matayala aakulu. Aziyesedwa ndi sipanala pafupipafupi, pakuti akaduka ndiye kuti mulibe chiwongolero.

Chachiwiri ndi magiya a mu difu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaumira ndalama n'kudzalira pambuyo. Injini ya 3L ilibe turbo. Mukaipatsa matayala a 35 osasintha magiya, pachitunda izikhala ngati yanyamula njerwa, kilatchi izipsa. Yambani mwadziwa magiya amene muli nawo: kwezani tayala limodzi lakumbuyo pa jeke, giya ili pa nyutulo, lizungulitseni kawiri ndendende uku mukuwerenga kuti propshaft, shafti yaitali ija yolowa mu difu, yazungulira kangati. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 35, mugawe ndi 31. Ngati mwapeza 4.30, mukufunika 4.88. Ngati ndi 4.56, yoyandikira ndi 5.29. Koma dziwani kuti pa 5.29 kagiya kakang'ono kaja, pinion, kamakhala ndi mano 7 okha pomwe pa 4.88 kali ndi 8, choncho kamafuna makaniko wodziwa kuyika bwino, woyang'ana ndi utoto m'mene mano akugundanirana. Madifu onse awiri akhale a nambala imodzi, apo ayi mukangolowetsa 4x4 muwononga transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Magiya atsopano ayende mopepuka, mutaye oyilo woyambayo mukakwanitsa makilomita 800.

Tsopano za wowotcherera uja. Ngati mumanyamula katundu wolemera m'misewu yoipa, truss ndi yabwino, pamodzi ndi tizitsulo tolimbitsa khosi la mpira uja. Koma achotse zonse za m'kati, awotcherere pang'onopang'ono, uku pang'ono, uko pang'ono, akudikira kuti chizizire. Akathamanga ndi mzere umodzi wautali, kutentha kumakoka chigobacho n'kupindika, ndiye masilo azingodontha oyilo, matayala azidyeka mbali imodzi. Ndaonapo axle yabwinobwino itatayidwa chifukwa cha changu chotere.

Kumbuyo mashafti ake ndi a mano 30 kale ndipo amapirirako, kungoti shafti yomweyo ndi imene imasenzanso katundu. Matumba a feteleza odzaza thoo, matayala aakulu ndi zotalikitsa malimu zikakumana, maberingi sachedwa kutha. Zotalikitsazo zipeweni. Mabuleki nawo azigwira mochedwerapo, ndipo ngati simunasinthe magiya, sipidomita ikamati 80 mudzakhala mukuthamanga 90.

Ndikanakhala inu ndikanaima pa 33. Matayala a 35 amakweza difu ndi masentimita asanu okha poyerekeza ndi a 31, ndipo a 33 amakupatsani theka la pamenepo popanda kudula mabodi kwambiri, komanso ma Birfield a kufakitale amatha kupirira ngati phazi lanu lili lofatsa pa moto. Koma ngati mtima uli pa 35, ndalama yoyamba ipite ku ma Birfield, yachiwiri ku magiya, wowotchererayo abwere pomaliza.