Anachira chotupa cha muubongo, koma sukulu ikumuvuta

Funso: Mwana wanga anachira chotupa cha muubongo zaka 3 zapitazo, koma amaiwalaiwala ndipo sachedwa kukhumudwa. Mnzake amene analandira chithandizo chofanana alibe vutoli. Kodi n'zakumtundu?

Yankho: Mayi, majini (malangizo a m'maselo amene mwana amatengera kwa makolo) amathandizirako, koma chachikulu ndi malo amene panali chotupacho, msinkhu wa mwana ndi chithandizo. Radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza champhamvu, imawononga mitsempha yolumikiza mbali za ubongo, n'chifukwa chake madokotala amaipewa kwa ana osakwana zaka 3. Vutolo limaoneka pang'onopang'ono: mwana saiwala zimene ankadziwa, koma amachedwa kugwira zatsopano.

Ana amasiyana pa majini amene amachotsa mankhwala m'thupi ndi kukonza maselo ovulala, choncho chithandizo chimodzi sichiwasiya mofanana. Palinso matenda akumtundu otchedwa NF1, amene amapezeka mwa mwana mmodzi pa 3,000 alionse. Amabweretsa mawanga ofiirira pakhungu, zotupa za mumtsempha wamaso ndi vuto la kuphunzira.

Majini simungawasinthe, ndipo si mlandu wanu. Pemphani kuti amuyeze makutu, chifukwa mankhwala a khansa otchedwa cisplatin amatha kugonthetsa, komanso chithokomiro, popeza chikafooka mwana amatopa n'kukhala wosasangalala. Katswiri wa zamaganizo amuyezenso luso lokumbukira. Aphunzitsi azimupatsa malangizo amodziamodzi ndi nthawi yowonjezera pamayeso.