Tulo sitikubwera mpaka 3 koloko, ndigule nyale ija?

FUNSO: Akulu, ndakhala zaka zambiri ndikupha usipa usiku kuno ku Senga Bay koma pano ndinapeza ntchito ya masana mushopu pa Kamuzu Road. Vuto tulo sitibwera mpaka cha m'ma 3 koloko, mmawa kudzuka ndi nkhondo, abwana ayamba kale kudandaula. Ndinaona pa Facebook nyale ina yowala kwambiri akuti imakonza tulo, ndigule? Wowerenga, Senga Bay

YANKHO: Achimwene, nyaleyo ilipodi, madokotala amaigwiritsa ntchito makamaka kumayiko ngati Sweden ndi Canada komwe nthawi yozizira dzuwa limaoneka maola ochepa chabe. Koma ndalama yanuyo isungeni kaye.

Muubongo muli kawotchi kamene kamauza thupi nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo kamayendera kuwala kolowa m'maso. Kukada thupi limatulutsa melatonin amene amabweretsa tulo, kukawala amasiya. Ndiye inu zaka zonsezo usiku mumakhala pa nyale za usipa, masana mukugona, wotchi yanu inazolowera zimenezo, si ulesi ayi ndipo musadzide nazo.

Nyale zimenezi zimawala 10,000 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), munthu amakhala pafupi nayo mphindi 20 mpaka 30 mmawa. Babu la m'nyumba nthawi zambiri silidutsa 500 lux, pomwe dzuwa la panja limatha kufika 100,000, ndiye kuno ku Salima komwe limatulukira panyanja pompo tsiku lililonse ine sindikuona chifukwa chogulira nyale yodula yofunanso magetsi.

Chachikulu ndi nthawi yake. Mukangodzuka tulukani panja, imwani tiyi pabwalo kapena yendani mphindi 30 osavala magalasi akuda, koma osayang'ana dzuwa lenilenilo chonde, lingakuonongeni maso. Ngati tsiku lopuma mumadzuka 10 koloko musalumphire 5 koloko kamodzinkamodzi, chifukwa kuwala kukabwera thupi likadali pakati pa usiku wake wotchi ija imabwereranso m'mbuyo, vuto n'kukula. Muzichotsa mphindi 30 pakapita masiku awiri, pang'onopang'ono choncho mpaka mufike pomwe mukufuna, ndipo Lamlungu lomwe muzidzuka nthawi yomweyo, apa ndi pamene ambiri amagwera. Madzulo chepetsani kuwala, foni muisiye ola limodzi musanagone, khofi masana ayi.

Agogo amene amagona 6 koloko n'kudzuka 2 koloko usiku, zawo ndi zosiyana, iwo amafunika kuwala kwa madzulo.

Mukaganizabe zogula nyaleyo, onanani kaye ndi adokotala ngati muli ndi vuto la maso, matenda a maganizo otchedwa bipolar, kapena mukumwa mankhwala ngati doxycycline amene amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Pakatha masabata angapo osasintha, kapena ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, pitani kuchipatala akakuyezeni chifukwa limenelo ndi vuto lina.