Funsani Dokotala: Ndingawapeze kuti anzanga olimbana ndi mowa?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Kasungu. Ndimamwa kachasu ndi midoli pafupifupi tsiku lililonse. Ndikati ndisiye, sipapita masiku awiri manja ayamba kunjenjemera, usiku sindigona tulo, ndipo anzanga akangondiimbira foni ndimapezeka ndili komweko. Ndinamva kuti kuli magulu a anthu osiya mowa amene amakumana n'kumalimbikitsana. Ndingawapeze bwanji? Mayi a kunyumba atopa nane.

Yankho: Bambo, zikomo polemba. Za magulu ndiyankha, koma ndiyambe ndi kunjenjemerako chifukwa ndi kumene kwandidetsa nkhawa. Thupi lanu linazolowera mowa, ndipo munthu wotere akasiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba akhoza kudwala kwambiri. Kunjenjemera, thukuta ndi nseru zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pofika tsiku lachitatu ena amasokonezeka mutu, kuona zinthu zomwe palibe, mtima kuthamanga. Zimenezi zimapha. Choncho musasiye nokha. Pitani kuchipatala cha boma ku Kasungu komweko, funsani namwino woona za matenda a maganizo, ndipo muwauze zoona zake za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa. Pali mankhwala monga diazepam ndi vitamini B1 amene amakuwolotsani masiku ovutawa bwinobwino. Musachite manyazi kulowa m'chipinda cha matenda a maganizo. Sikuti mwapenga ayi, koma anthu odziwa za mowa amapezeka kumeneko.

Namwino yemweyo ndiye khomo loyamba lopezera gulu. Magulu otere kawirikawiri amadziwika pakamwa, ndipo ogwira ntchito za maganizo ndi amene amadziwa kuti akukumana kuti ndi tsiku liti. A St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ndi malo abwino kufunsako. Okhala kum'mwera angafunse ku chipatala cha Zomba Mental kapena kuchipinda cha matenda a maganizo ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Funsaninso abusa, ansembe kapena mashehe a kwanuko, chifukwa magulu ambiri otere amabwereka chipinda kumalo opempherera.

Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene anthu awiri ovutika ndi mowa, Bill Wilson ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith, anaona kuti akamayankhulana amatha kudziletsa. Kulowa n'kwaulere. Chofunika ndi chimodzi chokha, mtima wofuna kusiya kumwa. Anthu amatchulana dzina loyamba basi, zokambidwa m'menemo sizituluka panja, ndipo tsiku loyamba mukhoza kungokhala chete n'kumamvetsera. Mudzapezamo munthu amene anasiya kalekale, amene mungamuimbire madzulo pamene khosi lauma ndipo malipiro ali m'thumba. Kwa ine phindu lalikulu lagona pamenepa. Ife achipatala timakuonani mwina kamodzi pa mwezi, koma chilakolako chimabwera Lachisanu usiku. Kafukufuku wa 2020 wa Cochrane, bungwe lounika zofufuza za umoyo, amene anasanthula zotsatira za akafukufuku ena 27, anapeza kuti njira ya AA imathandiza anthu kukhala osamwa mofanana ndi uphungu wa akatswiri, nthawi zina kuposa apo.

Ngati ku Kasungu simupezako gulu, musagwe mphwayi. A AA ali ndi misonkhano ya pa intaneti kudzera pa Zoom tsiku lililonse, ngakhale yambiri imachitika m'Chingerezi ndipo imadya bandulo. Abale athu amene ali ku Joni angapeze misonkhano yokumana maso ndi maso mosavuta m'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town. Komanso malamulo a AA amalola kuti anthu awiri kapena atatu okumana n'cholinga chosiya mowa akhale gulu paokha. Pemphani namwino akulumikizeni ndi wina amene akulimbana ndi vuto lomweli, musankhe tsiku limodzi pa sabata, malo akhale kutali ndi shabini, ndipo musaphonye.

Chenjerani ndi aliyense wofuna ndalama kuti akusiyitseni mowa tsiku limodzi, kapena wokupatsani mankhwala osadziwika oti musanze. Gulu labwino silikuletsani kumwa mankhwala akuchipatala, kaya ndi ma ARV kaya a BP. Mukaterereka n'kumwanso, bwererani ku msonkhano wotsatira, musadikire kuti muyambe mwakhala bwino. Ambiri mwa amene mudzawapeze m'menemo anagwapo kangapo.

Mayi a kunyumba muwatenge popita kuchipatala. Iwonso avulala ndi mowawu ngakhale samwa, ndipo ayenera kumva kwa namwino zizindikiro zoopsa zija kuti akaziona akuthamangitsireni kuchipatala usiku womwewo. Kuli gulu la achibale a anthu omwa lotchedwa Al-Anon, ndipo nalonso limakumana pa intaneti. Mukapita, pemphaninso kuti akuyezeni chiwindi ndi BP.