Great auk sinali ya ku Antarctica, achemwali

Achemwali, pa ntchito yanu ya kusukuluyo musayerekeze kulemba kuti great auk, mbalame ya m'nyanja yomwe inatheratu, inkakhala ku Antarctica chifukwa choti pachithunzi ikufanana ndi penguin. Ine mbalame imeneyi inandiliza ku koleji, mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa.

Lekichala wathu anatiuza kuti aliyense afotokoze za nyama imodzi yomwe inatheratu. Ndinaikhalira pansi masabata awiri. Tsikulo ndinaima kutsogolo ndi mapu ojambula ndekha, nditachonga Funk Island ku Newfoundland m'dziko la Canada, St Kilda ku Scotland ndi tizilumba ta ku Iceland komwe inkaikira dzira, limodzi lokha, pamwala popanda chisa. Nditangonena kuti mafupa ake anapezeka mpaka ku Florida ndi ku Gibraltar, lekichala uja anandidula. Akuti, "Penguin ya kumpoto unaionera kuti iwe? Mapuwa wawazondotsa." Kalasi yonse kuseka. Anadzuka n'kumatula pepala langa pabolodi, ngodya n'kung'ambika, akuti kakhale pansi. Manja kunjenjemera, kukamwa gwa, ndipo gawo lomwe linkandikhudza kwambiri sindinalinene n'komwe.

Ndilinena pano. Mbalameyi inali yotalika pafupifupi masentimita 80, yolemera makilogalamu 5, m'madzi liwiro ladzaoneni koma pamtunda yoyenda movutikira, kuuluka ayi. Ku Funk Island anthu ankaziponya m'miphika ya madzi owira kuti nthenga zisosoke, ndipo poti pachilumbapo palibe mitengo, nkhuni zake zinali mbalame zomwezo, mafuta ake ndiwo ankayaka. Ku Iceland zinkabisala pa Geirfuglasker, thanthwe lovuta kufikako, koma mu 1830 linamira phiri lamoto litaphulika pansi pa nyanja. Zotsala zinasamukira pachilumba cha Eldey komwe boti limatha kukocheza. Mu June 1844 amuna atatu anakwera pamenepo, awiri anapha mbalame ziwiri zomaliza pozikanyanga pakhosi, wachitatuyo, Ketill Ketilsson, n'kuponda dzira ndi nsapato.

Chondipsetsa mtima n'choti dzina loti penguin linali la mbalame imeneyi poyamba. Amalinyero atafika kumwera anapeza zina zofanana nayo n'kuzipatsa dzinalo, koma palibe chibale. M'bale wake weniweni ndi razorbill, mbalame ina ya m'nyanja yomwe ikadalipo ndipo imauluka. Munthu wamkulu, wolandira malipiro a uphunzitsi, osatsegula ngakhale buku limodzi, n'kumanyoza mwana wa eni pagulu! Ndinapita ku ofesi kwake ndi umboni m'manja, akuti ndilibe nthawi. Malikisi otsika aja anakhala momwemo.

Ndiye inu lembani kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, ndipo pamwamba muike dzina lake la sayansi, Pinguinus impennis. Koma aphunzitsi anu akakakamira zawo musatsutsane nawo pagulu ayi, mungovomera, malikisi mukuwafuna. Mapu anu muwajambule pafoni musanapereke, anga aja sanandibwezere.