Akakutumani afulu ndi zinkhwe za ku Joni

Achemwali, mwati bambo wina wa ku Joni wakupemphani kuti ulendo ukubwerawu mumutengere tiafulu ndi zinkhwe ziwiri, ati ali ndi kazuu kake komwe anthu amalipira kudzaona nyama. Mukufunsa kuti malonda amenewa amayenda bwanji pa boda, komanso ngati pali cholakwika poti mazuu akuluakulu nawonso amasunga nyama.

Musatenge. Katundu amene timayenda naye masiku onse, zitenje popita, mabulangete ndi mapoto pobwera, mlandu wake umathera pa ndalama. Ukabisa mtengo a MRA akutchaja chindapusa, mwina akulanda katunduyo, koma umakagonabe kwanu. Nyama yakutchire ili ndi malamulo akeake. Pamafunika chilolezo chotulutsira kuchokera ku Department of National Parks and Wildlife, kalata ya dokotala wa ziweto, chilolezo cholowetsera cha ku South Africa, ndipo Mozambique ndi Zimbabwe omwe mukudutsamo nawonso amafuna kuona mapepala. Pamwamba pa zonsezi pali pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, lotchedwa CITES, la 1973, lomwe linaika nyama m'magulu. Za m'gulu loyamba sizigulitsidwa kunja ngati zagwidwa kutchire. Pa msonkhano wa 2016, womwe unachitikira ku Johannesburg komweko, anaikamo ngaka zonse ndi chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chija anthu amachikonda chifukwa choyankhula. Kwathu kuno lamulo analikhwimitsa mu 2017, moti kupezeka ndi nyama yotetezedwa kwambiri kukhoza kukupezetsani zaka 30 kundende. Amene amagwidwa ndi wonyamula. Wotuma uja foni amangothimitsa.

Zuu yeniyeni situma mayi wa pa basi. Imalemberana makalata ndi boma miyezi yambiri, nyama n'kuyenda m'mabokosi opangidwira zimenezo, dokotala ali pambali. Munthu amene akukupezani pa WhatsApp ndiye kuti mapepala alibe.

Ndiye taganizani za njirayo. Kuchoka Mwanza kulowa Zobue, kutentha kwa Tete kuja komwe madzi a m'botolo amachita kufunda ngati a tiyi, kenako Nyamapanda, kenako mzere wa Beitbridge womwe nthawi zina basi imaima usiku wonse. Ndinaonapo katoni itatsegulidwa pa boda ina, itachokera m'ngolo ya basi, pansi pa zikwama. Munali afulu okulungidwa ndi selotepi kuti asatulutse miyendo n'kumakanda. Ena anali atafa kale, fungo ndi limene linaulula. Otuma amadziwa kuti zambiri zimafera m'njira, n'chifukwa chake amaitanitsa zochuluka.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi nkhani. Inde, pali nyama zomwe zimapita ku zuu mapepala onse ali bwinobwino. Mu 2016 njovu 17 zinakwezedwa ndege ku Swaziland kupita ku mazuu a ku Dallas, Wichita ndi Omaha ku America, ati m'dzikomo munali chilala. Zimbabwe nayo inagulitsa ana a njovu a m'nkhalango yake ya Hwange ku China, mpaka mu 2019 msonkhano wa CITES ku Geneva unachepetseratu malonda otere. Koma chidindo cha boma sichiyankha funso loti kodi nyamayo ikukhala bwanji. Njovu yotchedwa Charlie inagwidwa ku Hwange mu 1984 ili yaing'ono, inagwira ntchito m'sekasi, momwe nyama zimachita masewero osangalatsa anthu, mu 2001 n'kupita ku zuu ya ku Pretoria. Anzake onse atafa inatsala yokhayokha, mpaka mu 2024 pamene anaisamutsira ku nkhalango ya Shambala ku Limpopo. Zaka 40, nyama yomwe kutchire imayenda mitunda ndi abale ake.

Eni mazuu amati ana a m'tauni amaphunzirirapo, komanso kuti mitundu ina ikanatha akanapanda kuiswetsa m'makola. Pamenepo sinditsutsa. Koma ine ndimayang'ana komwe nyama yachokera. Taganizani za Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama zakutchire zopulumutsidwa. Anyani ndi apusi a kumeneko ambiri analandidwa kwa anthu omwe ankawagulitsa m'mbali mwa msewu kapena kuwamanga chingwe m'chiuno pakhomo, ndipo omwe achira amabwezedwa kutchire. Mkango waukazi wa diso limodzi, Bella, unabwera mu 2009 kuchokera ku zuu ina ya ku Romania chifukwa sukanathanso kudzisakira. Khola lotere ndimalimvetsa. Kukachotsa nyama yabwinobwino kutchire kuti wina azidulitsa matikiti pageti, ayi, ndipo kazuu ka bambo wanuyo kali mbali imeneyi.

Ngati mtima wanu uli pa malonda a zamoyo, alipo ovomerezeka, monga timbuna ta m'nyanja ya Malawi tomwe timapita ku Ulaya kukaikidwa m'magalasi. Koma amenewo amafuna laisensi ya a Fisheries, matanki, mpweya ndi ndege, si mpamba wa ife oyenda ndi zikwama.

Bamboyo muuzeni kuti akutumizireni kaye chithunzi cha chilolezo chake cholowetsera nyamazo, chokhala ndi dzina lake. Akayamba zoti pa boda ali ndi munthu wake, sungani mauthengawo mukawaonetse a zanyama zakutchire.