Facebook ndi msika, si nkhokwe

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mchemwali wina wa ku Monkey Bay. Iye ndi anzake atatu ali ndi kagulu kolakatula ndakatulo, koma osati zongoima kutsogolo n'kumawerenga papepala ayi. Amakoleka nsalu yoyera pakhoma, pulojekita n'kumaponya mawu pansalupo, mnzawo wina akuliza phokoso la mafunde pa laputopu. Anthu amene abwera kudzaonera amatumiza mizere yawo pa gulu la WhatsApp, wolakatula n'kumailukira mu ndakatulo yake pompopompo. Funso lake linali lakuti: "Titani kuti anthu atidziwe, komanso kuti ntchito yathu isatayike? Ulendo watha tinaulutsa pa Facebook Live, lero ndikufuna vidiyoyo sindikuiona."

Pepani achemwali, palibe amene wakuchitani chipongwe. Kuyambira mu Febuluwale 2025, Facebook imasunga vidiyo ya Live masiku 30 okha, kenako imafufuta ngati mwini wake sanaitsitse. Status ya pa WhatsApp ndiye mukuidziwa, maola 24 yapita. Masamba amenewa ali ngati msika wa nsomba kudooko: mumabweretsa katundu m'mawa, anthu aone, agule, koma simungasiye usipa wanu pathandala mpaka chaka chamawa.

Musadzione ngati ndinu nokha. Olemba ambiri a kunja amene ankapanga ndakatulo zoyenda pakompyuta ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya Flash. Kampani ya Adobe itaisiya kumapeto kwa 2020, ntchito zambirimbiri zinasiya kutseguka, moti bungwe la Electronic Literature Organization, lomwe linayamba mu 1999, lakhala likulimbana ndi kuzipulumutsa. Tsamba la mchezo la MySpace nalo linavomera mu 2019 kuti linataya nyimbo zomwe anthu anaikapo kwa zaka 12.

Ndiye tiyambe ndi kusunga, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Tsiku la chionetsero mukhale ndi mafoni awiri. Ina iziulutsa Live, inayo izingojambula n'kumasunga mu memori. Netiweki ikagwa, kapena magetsi akathima, yachiwiriyo izipitirizabe ntchito. Samalani kwambiri mawu. Chithunzi chakuda pang'ono anthu amapirira, koma ndakatulo yosamveka palibe amene angaionere mpaka kumapeto. Kunyanja kuno mwera ukamaomba foni imangogwira "fuuu", ndipo jenereta ikakhala pafupi imameza chilichonse. Ikani foniyo pafupi ndi sipika, mbali yosaomba mphepo, ndipo muyesere kujambula mphindi imodzi anthu asanafike.

Koma ntchito yanuyi si vidiyo yokha. Mizere ija anthu amatumiza ndi theka la ndakatulo. Mukamaliza, tsegulani gulu lija, dinani "Export chat", musunge zonse ndi nthawi yake imene mzere uliwonse unafika. Sungani mafayilo amene munaponya pansalu, ndi mafunde a mnzanu aja. Kenako tengani kope wamba mulembe tsiku, malo, amene analakatula ndi pulogalamu imene munagwiritsa ntchito. Zikuoneka zauphunzitsi, ndikudziwa, koma pakatha zaka zisanu simudzakumbuka kuti fayilo yotchedwa VID0047 inali ya liti.

Zonsezi zikhale malo atatu: pa laputopu, pa fulashi yosungidwa kunyumba ina, ndi pa intaneti. YouTube ndi yabwino, komanso Internet Archive, yomwe ilipo kuyambira 1996, imalandira mafayilo kwaulere. Ine ndinaphunzira mowawa. Foni yanga inagwera m'madzi ndikutsika boti ku Makawa, ndipo zonse zimene ndinajambula chaka chathunthu zinathera pomwepo. Mnzanga anali atanditumizirako kavidiyo kamodzi pa WhatsApp, koma kanali kofinyidwa moti mawu a pakhoma sankawerengeka. Potumizirana, tumizani ngati "document", fayilo imafika yonse bwinobwino.

Za kutchuka sindichulutsa, achinyamata mumazidziwa kuposa ine. Dulani kachidutswa ka mphindi imodzi, pamene anthu anafuula kwambiri, chifukwa bando ndi yodula ndipo palibe amene angathere ndalama zake pa vidiyo ya ola lathunthu ya anthu osawadziwa. Lembani mawu a ndakatulo pavidiyopo, ndipo ngati muli Chiyao, ikani Chichewa chake pansi. Musaiwale abale athu ali ku Johannesburg ndi Durban. Kumva Chiyao chakwawo pafoni amagawana msangamsanga, ndipo nawonso angatumize mizere ali komweko. Wayilesi musaidelere: ya Dzimwe muli nayo m'boma la Mangochi momwemo, ndipo amayi amene alibe foni yotachi amamvera.

Zinthu ziwiri musanajambule. Uzani anthu kuti mukujambula ndipo mizere yawo isungidwa, wosafuna akhale mbali imene kamera sikufika. Ndipo musaike nyimbo za eni ake pansi pa ndakatulo popanda chilolezo. Facebook imatha kuzimitsa mawu a vidiyo yonse, komanso a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi olemba, alipo pa nkhani zoterezi.

Za vidiyo yotayika ija, funsani pa gulu lanu lero lomwe. Pa anthu onse aja, wina ndithu anatukula foni n'kujambulako. Mukaipeza munditumizire nane ndione.